Mapu a chenjezo la zanyengo: ndi ati amene amathandizadi munthu wa mu Lusaka?

Nyengo ya mvula ikafika, kuyambira mwezi wa Novembala mpaka kumapeto kwa Marichi, mafoni a anthu a mu Lusaka amadzaza ndi zithunzi za mapu a dziko la Zambia opakidwa mitundu yosiyanasiyana, ndipo chithunzi chimodzi chimatha kuzungulira m'magulu a WhatsApp a kumpingo, a pabanja ndi a kuntchito dzuwa lisanalowe. Wotumiza amangolemba kuti tichenjere, koma wolandira akaona chigawo cha Lusaka chitapakidwa chofiira amatsala m'malere, osadziwa ngati akweze matumba a ufa pamwamba usiku womwewo kapena angotenga ambulera popita kumsika. Mayi wogulitsa tomato ku msika wa Soweto, dalaivala wa minibasi ya ku Kanyama ndi mlimi wa ku Chongwe onse aona mapu amodzimodzi, chonsecho zimene aliyense wa iwo afunikira kudziwa n'zosiyana kotheratu. M'nkhani ino ndikuyerekeza njira zimene machenjezo a zanyengo amajambulidwira ndi kufalitsidwira, ndipo muyeso wanga ndi umodzi wokha: kodi munthu akamaliza kuyang'ana, akudziwa ngati ngoziyo ikukhudza pamene iye amagona, nthawi imene ifike, ndi zimene achite isanafike?

Tisanayerekeze, m'pofunika kukumbukira mmene mzinda wathu unakhalira, chifukwa ndiwo umapangitsa kuti mapu abwino kwina akhale osakwanira kuno. Lusaka ili pamalo okwera mamita oposa 1,200 kuchokera panyanja yamchere, koma malowo ndi athyathyathya, ndipo mbali yaikulu ya kumwera ndi kumadzulo kwa mzinda inakhala pa miyala ya laimu imene madzi ake apansi ali pafupi kwambiri ndi nthaka ya pamwamba. Ku Kanyama, ku Misisi, ku John Laing ndi ku Chawama madzi sathamangira kumtsinje monga amachitira m'madera a mapiri. Amangodikha, ndipo mvula ikagwa masiku angapo otsatizana amatumphuka kuchokera pansi n'kulowa m'nyumba ndi m'zimbudzi zokumba. Mvula yomweyo ikagwa ku Ibex Hill kapena ku Kabulonga, pofika mmawa misewu imakhala itauma. Ntchito yolosera zanyengo m'dziko muno ili m'manja mwa Zambia Meteorological Department, pamene yokonzekera ndi kuthandiza pa ngozi ili m'manja mwa Disaster Management and Mitigation Unit, imene ili pansi pa ofesi ya Wachiwiri kwa Pulezidenti, koma mapu amene amafika pa foni ya munthu amachokeranso kumalo ena ambiri.

Kupaka chigawo kapena boma lonse mtundu umodzi

Njira yodziwika kwambiri ndiyo kutenga mapu a zigawo 10 za Zambia, kapena a maboma ake 116, n'kupaka mtundu pa malo amene akuyembekezera mvula yamphamvu. Ubwino wake sitingaukane. Munthu aliyense amadziwa boma lake, woulutsa pa wailesi amatha kuwerenga maina a maboma mosavuta, ndipo akuluakulu a boma amadziwa msanga kuti chenjezolo lagwera m'dera la yani. Vuto ndi lakuti mitambo sidziwa malire a maboma. Chigawo cha Lusaka chimayambira ku Kafue ndi ku Chilanga, kudutsa Chongwe ndi Rufunsa, mpaka kukafika ku Luangwa kumene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi, ulendo wa makilomita pafupifupi 300, ndipo kumeneko ndi kuchigwa kotentha kumene nyengo yake ndi ina. Kupaka zonsezi chofiira n'kuuza anthu oposa 3 miliyoni chinthu chimodzi chimene mwina chichitikira ochepa mwa iwo.

Ngakhale titatsikira pa boma la Lusaka lokha, vutoli silitha, chifukwa mvula yathu yambiri ndi ya mabingu, imene mtambo wake umodzi umaphimba makilomita owerengeka chabe. Aliyense amene wakhala mu mzinda muno anaonapo Matero ikunyowa pamene ku Woodlands anthu akuyanika zovala. Munthu amene wachenjezedwa katatu osaona dontho amayamba kuseka chenjezo lachinayi, ndipo lachinayilo ndilo limamupeza atagona. Ku America anaona vuto lomweli, ndipo m'chaka cha 2007 nthambi yawo ya zanyengo inasiya kupereka machenjezo a mikuntho potsata maboma athunthu n'kuyamba kujambula mzere wozungulira malo enieni amene mkunthowo ukulowera.

Mizere yozungulira malo a mvula ndi kuchuluka kwake

Njira yachiwiri ndiyo imeneyo, yojambula mzere potsata mtambo m'malo motsata boma, kawirikawiri ndi nambala yosonyeza mamilimita a mvula amene angagwe pa maola 24. Kwa katswiri, mapu otere ndi oona kuposa oyamba aja. Kwa munthu wamba ali ndi zopinga ziwiri. Choyamba n'chakuti milimita ndi mawu opanda thupi kwa ambiri a ife, ngakhale kuti tanthauzo lake n'losavuta likafotokozedwa: milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo otalika mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Mvula ya mamilimita 50 ikagwa pa denga la mamita 10 mbali zonse, ndiye kuti pagwa malita 5,000, omwe ndi zigubu 250 za malita 20, ndipo madzi onsewo, kuwonjezera a pa madenga a anansi onse, ayenera kupeza kolowera. Tikakumbukira kuti Lusaka imalandira mamilimita pafupifupi 800 pa nyengo yonse, tiona kuti 50 pa tsiku limodzi si nkhani yaing'ono. Koma ndi angati amene amauzidwa zimenezi pansi pa mapu?

Chopinga chachiwiri n'chakuti munthu sadzipeza pa mapu opanda maina. Ife timalozerana njira ndi zinthu zooneka, pa siteshoni ya mabasi, kuseri kwa msika, pafupi ndi chipatala, ukadutsa njanji, ndipo chidutswa cha mtundu chimene chaikidwa pa mapu opanda Great East Road, Kafue Road kapena Mumbwa Road sichiuza munthu ngati nyumba yake ili mkati kapena kunja. Palinso chinyengo cha mzerewo pawokha. Mzere wojambulidwa bwino umaoneka ngati mpanda, ndipo amene ali kunja kwake pang'ono amadziona wotetezeka, chikhalirecho wojambulayo akudziwa kuti mtambo ukhoza kusuntha makilomita angapo.

Mitundu yosonyeza kukula kwa ngozi

Njira yachitatu ndiyo imene ine ndimaiona kuti ili ndi nzeru zambiri, ngakhale kuti ndiyonso imene imafuna kuti tiisamalire kwambiri tikamaibweretsa m'chinenero chathu. M'malo monena kuti kugwa mvula yochuluka motani, mapu amanena kuti mvulayo iwononga motani, ndipo amagwiritsa ntchito mitundu yochepa yokwererana: yachikasu, yaolenji ndi yofiira. Dziko la France linayamba mapu otere m'chaka cha 2001, pambuyo pa mikuntho yoopsa ya mu Disembala 1999 imene inasonyeza kuti anthu anamva zolosera koma sanamvetse kukula kwa ngoziyo. Ku Britain amagwiritsanso ntchito mitundu itatu, ndipo kufupi ndi kwathu kuno, South African Weather Service imapereka machenjezo a mitunduyi pamodzi ndi nambala yochokera pa 1 mpaka 10. Mtundu umasankhidwa pophatikiza zinthu ziwiri, mwayi woti chinthucho chichitikadi ndi kukula kwa chiwonongeko chikachitika. N'chifukwa chake mvula ya mamilimita 30 ikhoza kukhala yachikasu mu Novembala pamene nthaka ili youma, koma n'kukhala yaolenji mu Febuluwale pamene pansi pakhuta kale madzi. Kwa Kanyama, kumene madzi amachokera pansi monga mmene amachokera kumwamba, kusiyana kumeneku ndiye nkhani yonse.

Koma mitundu ili ndi misampha yake. M'Chinyanja chathu mawu akuti kubiriwira amagwira msipu ndi thambo lomwe, ndipo mtundu wa pakati pa chikasu ndi chofiira ulibe dzina limene onse amagwirizanapo, kotero kuti agogo akauona angouti wofiirira, ndipo mdzukulu akauza mnansi kuti chenjezo ndi lofiira pamene silinafike pamenepo. Kuwonjezera apo, mtundu umodzi umatanthauza zinthu zosiyana pa mapu osiyana. Pa mapu a kutentha, chofiira ndi dzuwa la mu Okutobala. Pa mapu a mvula, chofiira chikhoza kukhala chimvula. Ndipo pa mapu ena a ulimi, chofiira kapena chofiirira ndi chilala pamene chobiriwira ndi mvula yambiri. Chobiriwira chimene chisangalatsa mlimi wa ku Chongwe ndicho chidetsa nkhawa mwininyumba wa ku Misisi, monga akulu ananena kuti walira mvula walira matope. Pali anthunso, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira, ndipo chithunzi chimene chadutsa m'mafoni khumi chimafika timalemba take tofotokoza mitundu titafufutika. Pachifukwa chimenechi, mtundu wopanda liwu kapena nambala yolembedwa pamwamba pake ndi theka chabe la chenjezo, ndipo njira ya ku South Africa yoika nambala ndiyofunika kuiganizira, chifukwa nambala imamveka ngakhale pa wailesi, ngakhale pa pepala lopanda mitundu.

Njirayi ilinso ndi mtengo wake umene suoneka pa chithunzi. Kuti katswiri wa zanyengo anene kuti mvula iyi idzatseka misewu ya kwakuti, ayenera kudziwa ngalande zimene zatsekeka ndi zinyalala, malo amene anasefukira chaka chatha ndi madera amene ngalande zazikulu monga ya Bombay zinapepukitsa, ndipo zimenezi amazidziwa ndi a khonsolo, a zaumoyo ndi anthu okhala m'makomboni momwemo. Mutu umodzi susenza denga. Popanda kukhalira pamodzi kwa magulu amenewa, mitundu itatuyo imangokhala mamilimita ovala malaya atsopano.

Mapu oyenda a pa foni

Achinyamata ambiri masiku ano amatsegula mapulogalamu a zanyengo a pa foni monga Windy, AccuWeather kapena Yr, ndipo kunena zoona mapu ake ndi okongola: mphepo ikuyenda, mitambo ikusuntha, ndipo munthu akhoza kukuza chithunzi mpaka kuona msewu wa kwawo. Kukuza kumeneku ndiko kumanamiza. Zolosera zimene zili pansi pake zimachokera ku makompyuta akuluakulu a ku Ulaya ndi ku America amene amagawa dziko lonse lapansi m'timabokosi, ta makilomita pafupifupi 9 kwa a ku Ulaya ndi pafupifupi 13 kwa a ku America, kotero kuti makomboni angapo oyandikana amagwera m'kabokosi kamodzi. Makompyutawo amaona bwino zinthu zazikulu, monga kutsika kwa mphepo yachinyontho yochokera ku Congo kapena kuyandikira kwa namondwe, koma mtambo umodzi wa mabingu wa masana amauphonya kawirikawiri, kaya pa malo kaya pa nthawi. Mawu akuti mvula 60 peresenti satanthauza kuti mvula igwa pa gawo lotere la mzinda kapena kwa maola otere. Amatanthauza kuti pa masiku 10 ofanana ndi lero, mvula ingagwe pa malopo masiku 6. Zithunzi za setilaiti nazo zimasonyeza pamwamba pa mitambo, ndipo chofiira chake ndi mtambo wautali ndi wozizira, osati madzi amene afika pansi. Zina zimalembedwa m'nthawi ya UTC, yomwe mayiko onse amayenderapo poyerekeza nthawi, imene ili kumbuyo kwa nthawi yathu ndi maola awiri. Kwa munthu amene akukonza ulendo wa ku Chipata kapena akufuna kuthira konkire Loweruka, mapulogalamuwa ndi othandiza. Monga chenjezo loteteza moyo, ndimawaika pambuyo, chifukwa amadya mabandulo, ndi a m'Chingelezi, ndipo palibe amene angafunsidwe akalakwa.

Mapu a nyengo yonse ndi njira ya namondwe

Mitundu iwiri ina ya mapu imasokonezedwa ndi machenjezo pamene si machenjezo enieni. Mapu a nyengo yonse, amene amatuluka mvula isanayambe pambuyo pa msonkhano wa akatswiri a mayiko a SADC wotchedwa SARCOF, amangonena kuti mwayi wapendekera kuti pakati pa mvula yochepa, yapakati ndi yochuluka, poyerekeza ndi mvula imene inagwa pa nthawi ya zaka 30 za m'mbuyomu. Sanena mmene mvulayo idzagawikire m'masiku. Nyengo ya 2023 mpaka 2024, imene inakhudzidwa ndi El Niño (kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kawirikawiri kumachepetsa mvula kuno), inatiphunzitsa zimenezi mowawa: chimene chinapha chimanga chinali ng'amba yaitali ya mu Januwale ndi Febuluwale, pamene mbewu inali kufuna madzi kwambiri, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi ya dziko, chitakhudza maboma 84. M'nyengo yomweyo yachilala, mvula ya tsiku limodzi inali yokwanirabe kudzaza mabwalo a m'makomboni otsika.

Mapu a namondwe, amene m'dera lathu amachokera ku ofesi ya Météo-France, nthambi ya zanyengo ya dziko la France, pa chisumbu cha Réunion, amajambula njira yonga nyanga yomakulirakulira kutsogolo. Ambiri amaganiza kuti nyangayo ikusonyeza kukula kwa namondwe, pamene ikungosonyeza kumene pakati pake pangadutse. Namondwe wa Freddy anatera pafupi ndi Quelimane ku Mozambique mu Marichi 2023, koma anthu ambiri amene anafa anali ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe m'dziko la Malawi, chifukwa cha mvula ndi matope otsika m'mapiri. Ife amene tili ndi abale ku Chipata, ku Katete, ku Chadiza ndi kutsidya kwa malire tiyenera kudziwa kuti kukhala kunja kwa nyangayo sikutanthauza kukhala kunja kwa mvula yake.

Liwu la munthu, ndi mapu okhala pakhoma

Njira yomaliza ilibe chithunzi n'komwe. ZNBC imaulutsa m'zinenero zisanu ndi ziwiri za m'dziko muno, kuphatikizapo Chinyanja, ndipo mawailesi a m'madera amalankhula chinenero chimene anthu amalankhula pamsika. Wailesi imafika kwa amene sadziwa kuwerenga, imamveka pa kafoni kotchipa, ndipo imagwira ntchito magetsi atathima, chinthu chimene tonse tinachiona m'chaka cha 2024 pamene madzi anatsika ku Kariba ndipo TV inkakhala chete maola ambiri pa tsiku. Uthenga wa pafoni umakwana zilembo 160 zokha, koma m'zilembo zimenezo mukhoza kulowa dzina la komboni, nthawi ndi chochita. Chofooka cha liwu n'chakuti limadutsa. Amene anali kunja pamene linkaulutsidwa waliphonya, ndipo likamayenda pakamwa ndi pakamwa limakula kapena kuchepa.

Apa m'pamene ndikuona kuti mapu amene Lusaka ikuwafuna kwambiri si a mitambo ayi, koma a nthaka. Mitambo imasintha ola lililonse, koma malo amene madzi amayambira kudikha m'komboni ndi omwewo chaka ndi chaka, ndipo amayi amene amatunga madzi ndi anyamata oyendetsa mawilibala amawadziwa onse. Mapu otere amajambulidwa kamodzi, n'kumakonzedwa nyengo iliyonse, ndipo akaikidwa pakhoma la sukulu, la chipatala kapena la msika amasonyeza misewu imene imatsekeka poyamba, maenje a miyala amene amabisika madzi akadzaza, zitsime zosazama zimene zili pafupi ndi zimbudzi, ndi malo okwera kumene banja lingakagone. Chenjezo la tsikulo likabwera ndi mtundu ndi nambala yake, munthu amakhala akudziwa kale tanthauzo lake pakhomo pake. Mapu amenewa amagwiranso ntchito ina imene a mitambo sangaigwire, chifukwa ngozi ya madzi mu Lusaka sikutha mvula ikasiya. Kolera ya 2017 mpaka 2018, ndiponso ya 2023 mpaka 2024 imene inachititsa kuti National Heroes Stadium isanduke malo ochizira odwala ndi kuti masukulu atsegulidwe mochedwa, inakula m'nyengo ya mvula m'makomboni momwe madzi akumwa ndi a m'zimbudzi amakumana.

Ndikafunsidwa kuti ndisankhe, ndingatenge mitundu yokwererana yokhala ndi nambala, ndiiike pa mapu olembedwa maina a makomboni ndi misewu ikuluikulu, ndipo pansi pake ndilembe ziganizo ziwiri kapena zitatu za m'Chinyanja zimene woulutsa pa wailesi angawerenge osasintha liwu. Chitsanzo changa chingakhale chotere: "Mvula yamphamvu ikuyembekezeka kumadzulo ndi kumwera kwa mzinda kuyambira 16 koloko lero mpaka pakati pa usiku. Okhala m'malo otsika a Kanyama, John Laing ndi Misisi, kwezani chakudya ndi zofunda pamwamba, ana asawoloke ngalande, ndipo madzi akumwa muwathire klorini kapena muwawiritse." Mapu opaka boma lonse ndingawasiyire akuluakulu a maofesi, a mamilimita ndingawasiyire alimi ndi mainjiniya amene amawadziwa, ndipo a pa foni akhale ongothandizira. Bungwe la United Nations linaika cholinga m'chaka cha 2022 chakuti pofika kumapeto kwa 2027 munthu aliyense padziko akhale wofikiridwa ndi chenjezo nthawi isanathe, ndipo kwa ife kufikiridwa kumeneko kudzaoneka ndi ngati dzina la komboni likumveka m'chenjezolo.

Pakadali pano, chithunzi chikafika pa foni yanu, yambani mwafunafuna tsiku ndi ola limene chinatuluka, chifukwa mapu a chaka chatha amabwereranso m'magulu mvula ikangoyamba, ndipo ena amafika atadulidwa pamwamba pomwe panali tsikulo. Onani dzina la amene anachitulutsa, ndipo werengani timalemba ta m'mbali kuti mudziwe ngati chofiiracho ndi mvula, kutentha kapena mtambo chabe. Ngati chimodzi mwa zimenezi palibe, musachitumize ku gulu la kumpingo musanamve nkhani za pa wailesi za madzulo amenewo.